Kachidole ka m'Kabati ya Adada

Mpaka lero sindidziwa kuti kachidole kanga kanapangidwa ndi chiyani. Mwana wanga wamkazi, amene foni siichoka m'manja mwake, akuti anafufuza ndipo mwina kanali ka mtundu wina wa pulasitiki wakalekale umene analeka kupanga ife tisanabadwe. Akutinso kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa zidole zoterozo n'kumazisunga ngati chuma. Atayamba kunena za mtengo ndinamudula pakamwa. Za mtengo wa kachidole kameneko ndinazimva mokwanira kwathu ku Hara, ndipo ndikazikumbukira mtima umatentha ngati zachitika m'mawa uno.

Chimene ndikudziwa n'chakuti kanali kanga. Aliyense wa pakhomo pathu ankadziwa zimenezo. Koma adada atamwalira chaka chathachi, anthu akuluakulu a ndevu zawo anayamba kuiwala mwadala.

Kanali kotalika ngati chikhatho changa, kamwana kachizungu kopanda zovala, ka mimba yotuluka ndi tsitsi longojambula pamutu. Manja ake ankazungulira pamapewa chifukwa m'kati munali kachingwe kotamuka kokoledwa pa timawaya. Kanali kopepuka ngati chigoba cha dzira, koma ukakagogoda ndi chikhadabo kankalira ngati fupa. Mtundu wake sunali woyera kwenikweni, unali ngati wa mano a munthu wokalamba. Adada anakapeza ku Mbeya asanakwatire, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena. Azunguwo pobwerera kwawo anataya zinthu zambiri, ndipo adada anakatola pa mulu wa zotayazo. Ankanena kuti ngakhale nthawi imeneyo kanali kokalamba kale, kuti ankasewera nako ndi dona wa m'nyumbamo ali mwana, osati ana ake. Anakasunga pansi pa sutukesi mpaka ine nditabadwa n'kuyamba kuyenda.

Anzanga ankabereka zitsononkho ndi zidole zadothi, ine ndikubereka kamzungu. Ndinkanyada, sindikana. Nyengo yoingitsa mbalame ku sikimu ya mpunga ndinkapita nako kumbuyo, nditakamanga ndi kansalu, n'kukakakhazika pa kamtumbira kolekanitsa mapuloti kuti kaziona mmene ndikukuwira mpheta. Ndikadya chinangwa ndinkakapaka pang'ono pakamwa. Mlongo wanga wopondana nane, mwana wamwamuna yekhayo pakhomo pathu, tsiku lina anakakoka manja kufuna aone za m'kati, ndipo adada anamukwapula ndi kamtengo ka mpanda akumuuza kuti asamagwire chinthu cha mlongo wake. Iyeyo sangandiuze kuti anaiwala, chifukwa analira mpaka anakodzera kabudula.

Nditakwatiwa, ng'ombe za malowolo zitalowa m'khola, ndinalongedza katundu wanga n'kuikamo kachidoleko. Adada anandipeza ndikukakulunga m'mpango. Sanali munthu wopempha zinthu kwa ana ake, koma tsiku limenelo anaima pakhomo la chipinda n'kunena motsitsa mawu kuti, “Kasiye, mwana wane. Nyumba ino isasowe mwana wamkazi.” Ndinakasiya. Anakaika m'kabati yamagalasi pakati pa makapu a alendo, ndipo kanakhala momwemo zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa ku Karonga. Ndikapita kukawaona ndinkakatulutsa, kukapukuta fumbi, n'kukabwezera. Amama atamwalira, adada ankakhala okha pabalaza paja, iwo ndi wailesi ndi kachidoleko.

Kwathu kuno munthu wamwamuna akamwalira, pakapita mwezi abale amasonkhana kudzagawa katundu wake, ndipo ogawa amakhala a kuchimuna. Kwa ife wotsogolera anali mng'ono wawo wa adada, amene timawatchula kuti adada aang'ono. Mwana wamkazi wolowoledwa amakhala pamphasa cha kumbali, akakumbukiridwa amapatsidwa mbale kapena bulangete. Zimenezo ndinkazidziwa ndipo sindinapite kukakangana ndi munthu. Puloti ya mpunga, pulawo, ng'ombe, nyumba yamalata, zonse ndinali nditaziika kale m'manja mwa mlongo wanga mumtima mwanga. Ndinapita ndi kachikwama kakang'ono, ndikuti ndikalira nawo, ndikatenga mwana wanga wa m'kabati, n'kubwerera.

Nditafika ndinalowa pabalaza n'kutsekula kabati. Makapu analipo onse. Pamene pankaima kachidole panangotsala kamalo kopanda fumbi.

“Adumbu, kanthu kaja musavutike kukafuna,” anatero mlongo wanga ataima kumbuyo kwanga, akundiitana monga mwamuna amaitanira mlongo wake kwathu. “Ndakasunga ine.”

“Wachita bwino. Ndipatse.”

“Yayi, adumbu. Kamene kaja ndi katundu wa adada. Kalowa pamphasa limodzi ndi zina zonse.”

Ndinaseka, poganiza kuti akuchita nthabwala. Iye sanaseke. Mlamu wanga, mkazi wake, ndi amene ananditsina khutu kukhitchini. Zaka zino kuli anthu ochokera ku Kyela, kutsidya kwa malire, amene amayenda m'midzi kufunafuna zinthu zakale, ayironi zamakala zokhala ndi tambala pamwamba, ndalama za Majeremani, nyali, makina osokera a agogo athu. Palibe amene anaonapo munthu atalemera nazo, koma aliyense ali ndi msuweni wa mnzake amene akuti anamanga nyumba ndi ayironi imodzi. Ku Hara anthu agwedeza masutukesi a akufa, ena mpaka kukumba pansi pa nyumba zakugwa. Mmodzi mwa anthu a ku Kyela aja, amene amagulanso mpunga, anabwera kudzapepesa maliro a adada. M'malo moyang'ana pansi ngati wolira, maso ake anali m'kabati. Potsanzika anakokera mlongo wanga pambali n'kumunong'oneza kuti kamwana kaja n'kutheka kuti n'ka mnyanga wa njovu.

Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga ankagona ndi kachidole kanga kunsi kwa pilo. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, wa ana asanu.

Ndinapita kwa adada aang'ono ndikuganiza kuti mutu wa imvi uthetsa zopusazi ndi mawu amodzi. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la mpunga, mlongo wanga ali pambali pawo. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse mwaulemu, za ku Mbeya, za chikwapu chija, za mmene adada anandipemphera kuti ndikasiye. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankha osandiyang'ana.

“Mwana wanga, chimene chinali m'nyumba ya malemu tsiku lomwalira ndi cha malemu. Iwe unalowoledwa, kwanu ndi kwa amuna ako. Kakanakhala kako ukanapita nako tsiku lomwe lija.”

“Adada, inu munalipo pamene ndinkakabereka kumbuyo.”

“Ndinalipo. Unkaberekanso mng'ono wakoyu, kodi nayenso ndi wako?”

Anaseka okha nthabwala yawoyo. Ine ndinamva magazi akukwera kumutu. Ndinawauza, mlongo wanga akumva, kuti ng'ombe zimene akunena kuti zinandichotsa pakhomopo ndi zomwezo zinatuluka m'khola kukamulowolera iye mkazi. Ndinati ngati ine ndine mlendo, ndiye kuti mlendo ndi amene anamukwatitsa, ndipo ana ake asanu aja azindithokoza m'mawa uliwonse. Mawu amenewo sanenedwa pamaso pa akulu, ndikudziwa. Sindinawabweze ndipo sindidzawabweza.

Adada aang'ono anangoti nkhani ya kachidole iyembekeze mpaka wogula uja abwere adzatiuze kuti n'kachiyani. Kakakhala ka mnyanga, ndi chuma cha banja. Sananene kuti kakakhala kuti si ka mnyanga zidzatha bwanji, ndipo ine ndinaona kuti m'mitu mwawo funso limenelo munalibe.

Madzulo ake ndinapempha kuti ndingokaona. Mlongo wanga anakatulutsa ali chigwirire, ngati ndikalanda n'kuthawa nako. Pansi pa phazi lakumanzere panali bala loyera. Anali atakapala ndi mpeni kuti aone m'kati. Kachidole kanapirira dona wachizungu, kanapirira ulendo wa ku Mbeya, kanapirira ine ndi matope a ku sikimu, osasweka ngakhale chala, n'kudzapwetekedwa ndi munthu wovala jekete la kutchalitchi. Ndinamufunsa kuti wapeza chiyani m'katimo. Anati ufa wake ndi woyera, ndipo mnyanga nawonso ndi woyera. Ndinamuuza kuti kondowole nayenso ndi woyera.

Ndinayesa njira ina. Ndinati ngati akufunadi kudziwa, tipite nako kuboma, ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, kumene kuli anthu ozolowera kuyang'ana mafupa ndi zinthu zokumbidwa pansi. Akakaona ndi maso okha osakapweteka. Mlongo wanga anatong'ola maso.

“Adumbu, mukufuna tinjatidwe? Mnyanga ndi mlandu waukulu. Akangokaona basi, ife m'chitokosi, kachidole kapita.”

Ndiye ankadziwa kuti chimene akulakalakacho ndi mlandu, koma ankapemphera usana ndi usiku kuti chikhale chomwecho. Anali atasankha kale njinga yamoto imene adzagule, mpaka mtundu wake.

Pomaliza ndinachita chinthu chimene chimandinyansabe. Ndinapempha kugula chinthu changa chomwe. Ndinati asandipatse mbale kapena bulangete, ndiwonjezeranso ndalama ya m'thumba mwanga mwezi ukatha, angotchula okha. Ndinkaganiza kuti dyera limachizidwa ndi ndalama. Ndinangothira palafini pamoto. Mlongo wanga anatembenukira kwa adada aang'ono akumwetulira.

“Mwamva? Adumbu akudziwa kanthu. Aphunzitsi salilira chinthu chachabe.”

Kuchokera pamenepo chilichonse chotuluka pakamwa panga chinkakweza mtengo. Ndikati n'kakale, iwo amati eya, zakale ndiye zodula. Ndikalira, amati taonani mmene akulilira, muli chuma m'menemu. Zoti munthu angafune chinthu chifukwa choti bambo ake anachigwira ndi manja awo n'kumupatsa, kwa iwo zinali ngati ndikulankhula Chigiriki.

Wogula uja anafika mawa lake chakumasana panjinga yamoto. Inali nyengo yokolola, pabwalo ponse atayala malona a mpunga kuti uume, ndipo mwera unkawomba ndithu. Katundu wa adada anali ataikidwa kale pamphasa pansi pa mtengo wa mango, makasu, zikwanje, majekete, wailesi, nsapato. Munthuyo anali waulemu kwambiri, wa Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili, ndipo ananditchula kuti mama nthawi yonse. Anthu otere ndi amene ndimawaopa.

Analandira kachidoleko ndi manja awiri. Anakaika patsaya pake kuti amve ngati n'kozizira. Anakagogodetsa pa mano ake akutsogolo, ine ndikuona, mano ofiira ndi fodya. Anakaponyaponya m'dzanja kuyesa kulemera kwake, kenako anayatsa tochi ya foni masanasana n'kumayang'ana pamsana pake. Anafotokoza kuti mnyanga umakhala wozizira, wolemera, wa timizere topingasana, pamene fupa limakhala ndi timadontho takuda. Kachidole kanga kanalibe timizere, kanalibe timadontho, ndiponso kanali kopepuka. Mwana wa sitandade yachiwiri akanatha kumaliza yekha samu imeneyo. Koma munthuyo anati Majeremani ankadziwa kuboola mnyanga m'kati mpaka kupepuka ngati pepala, ndipo timizere timafufutika ndi thukuta la zaka zambiri. Adada aang'ono anagwedeza mutu ngati anakhalapo ndi Majeremaniwo.

“Nanga bei?” anafunsa mlongo wanga, kufuna kumva mtengo.

“Kakakhala ka pembe, kaka, njinga ngati yangayi mudzaiona yochepa,” anayankha munthuyo, pembeyo akutanthauza mnyanga. Sanatchule nambala iliyonse. Anajambula chithunzi, anatumiza kwa bwana wake wa ku Mbeya, anaimba foni akuyendayenda kuseri kwa nkhokwe. Pobwerera anati bwana akuti pali njira imodzi yokha yosanama. Atenthe singano mpaka ifiire, aigunditse pa kachidoleko. Mnyanga sulowa singano, umangonunkha ngati tsitsi lopsa. Kakakhala kabodza singano ilowa.

Ndinaimirira pamphasa yanga ya kumbali ija. Ndinati zimenezo ayi. Ndinawauza kuti adada ankandiletsa kukhala nako pafupi ndi moto. Ndikamawotha m'mawa nyengo yozizira ankandiuza kuti ndikasiye kaye m'nyumba. Chifukwa chake sanandiuzepo ndipo ine sindinafunsepo, koma adada sanali munthu woletsa zinthu pachabe.

“Ndi zimene ndikunenazi,” anatero mlongo wanga. “Munthu amateteza ku moto chinthu chamtengo. Ndani angaletse moto pa kapulasitiki?”

Ndinapita kuti ndikalande. Adada aang'ono anakweza dzanja n'kunena kuti pa bwalo la amuna mwana wamkazi sayenda choimirira, ndikhale pansi. Azakhali awiri anandigwira chitenje kundikokera pamphasa, akunong'ona kuti ndisachititse manyazi maliro a adada. Manyazi ndinali kuchititsa ndine, osati iwo amene ankagulitsa zoseweretsa za mwana mwezi umodzi chiikireni bambo ake m'manda.

Anabweretsa mbaula kuchokera kukhitchini. Singano yaing'ono sanaipeze msanga, ndiye adada aang'ono anapereka yawo yosokera matumba a mpunga, chisingano chachitali chokhuthala ngati msomali. Mlongo wanga anachigwira ndi pulayala n'kuchilowetsa m'makala, akuuzira ndi pakamwa mpaka chinafiira. Kachidole anakagwira ndi dzanja lamanzere, kali chagada, kakuyang'ana kumwamba ndi maso ake ojambula aja. Ndinamutchula dzina lake la kuubwana, limene sindinamuitanepo nalo chikwatirire. Ndinati, “Chonde, mwana wa amama.” Sanatembenuke.

Singano inangokhudza pamimba. Panamveka kuti fuu, ndipo lawi linakwera kupitirira mutu wake, ngati munthu waponya machesi m'chitini cha petulo. Ndinaona nkhope ya kachidole ikukwinyika kulowa m'kati. Mlongo wanga anakuwa n'kukaponya kutali, ndipo kanakagwera m'mphepete mwa lona la mpunga kakuyakabe, mwera ukukolezera. Pamenepo ndiye anthu anadzuka. Adada aang'ono, amene amayenda ndi ndodo, anathamanga opanda ndodo kukakoka lona. Mlongo wanga anafika n'kuyamba kupondaponda ndi jombo, kuponda, kuponda, mpaka moto unazima. Zonsezi zinachitika m'kanthawi kosakwana kumwa kapu ya madzi.

Pabwalo panadzaza fungo ngati la mankhwala opaka mwana pachifuwa akamatsokomola. Wogula uja anayang'ana pansi pamene panali podetsedwa, anapukusa mutu, n'kunditembenukira.

“Pole sana, mama. Si pembe.”

Anakwera njinga yake, koma asanailize anafunsa adada aang'ono ngati malemu analibe ayironi yamakala. Ndipo adada aang'ono anamuyankha bwinobwino kuti afunse kaye kukhitchini.

Mlongo wanga ankauzira zala zake zimene zinali zitatuluka matuza. Anayenda m'mbali mwa lona, akufukula mpunga ndi phazi. “Mwamwayi mpunga sunapse,” anatero. Kenako anawonjezera, osati kwa ine koma kwa anthu onse, kuti bola tadziwa zoona, tikanatha kuchita manyazi kwa bwana wa ku Mbeya. Anali wokhumudwa ndithu, nkhope itagwa, koma ankalira njinga yamoto.

Ine misozi sinatuluke. Ndinangoima, ndikufuna chinthu choti ndiphwanye. Ndikanakhala mwamuna tsiku limenelo bwenzi pali maliro achiwiri pakhomopo, ndipo sindikunena mokokomeza.

Adada aang'ono anatola ndodo yawo, anabwerera pampando, anatsokomola monga amachitira akamatseka mlandu.

“Basi, nkhani yatha. Taona tonse kuti kanali kachabechabe. Mpatseni mwini wake.”

Mlongo wanga anawerama n'kutola zotsala, timawaya tiwiri topindika ndi kachibulumwa kakuda kosakanikirana ndi dothi la pansi pa jombo. Anabwera nazo kwa ine atatambasula dzanja, ngati munthu wopereka mphatso. Ndinazilandira. Zinali zofundabe.

“Mwini wake ndi ndani, adada?” ndinafunsa.

“Ndiwe, mwana wanga. Tonse tikudziwa kuti kanali kako.”

Masiku awiri ndinagwada, ndinalira, ndinapempha kugula, ndikufuna mawu amenewo basi. Anali nawo pakamwa nthawi yonseyo, ankangoyembekeza kuti ayambe aona ngati kuwanena sikuwatayitsa kanthu.

Ndinayenda choimirira kudutsa pakati pa bwalo la amuna lija mpaka pamphasa ya katundu wa adada. Ndinaika timawaya ndi kachibulumwako pakati pa makasu ndi nsapato, pamalo poonekera bwino.

“Ine ndinalowoledwa,” ndinatero. “Gawanani.”

Ndinatenga kachikwama kanga n'kutuluka osatsanzika. Azakhali anandithamangira ndi bulangete limene anali atandipatulira, ndinawauza kuti akafunditse mlongo wanga, ndi amene akudwala. Ndinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu n'kukwera minibasi ya ku Karonga. Titadutsa Ngara, kondakitala atapempha ndalama, ndinatambasula dzanja n'kuona kuti chikhatho chonse n'chakuda ndi mwaye, ndipo fungo lija linali likadalipo. Ndinalipira ndi dzanja lamanzere. Lamanjalo ndinalifumbata pachifuwa mpaka kufika, ndikulira mokweza ngati kamwana, anthu onse a m'minibasimo akundiyang'ana.